Mgolo wa Kuseri

Patatha milungu itatu chimuikireni m'manda mwamuna wake Ausencio, Herlinda anali asanamve kukoma kwa chinthu chilichonse. Nyemba, mikate ya totiya, magwafa a kuseri kwa nyumba, zonse zinkangodutsa m'kamwa ngati akutafuna pepala. Tsiku lina anatapa supuni yodzaza ya tsabola wosinja n'kuponya m'kamwa. Milomo inatentha, mamina anatuluka, koma kukoma kwa tsabolayo sanakumve. Anatsuka supuniyo n'kuibwezera pamalo pake.

Kwa munthu wina imeneyi si nkhani. Ofedwa ambiri amadya mosamva kukoma, anthu n'kumawauza kuti zidzatha. Koma Herlinda Plascencia ankadyera lilime. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, panalibe dontho la mowa wa tekila limene linatuluka m'fakitale ya a Don Chencho, kunja kwa tauni ya Arandas, lisanadutse pa lilime lake. Iye akati mgolo uwu ayi, unali ayi basi, ngakhale eni fakitale alumphe chotani.

Pamaliro sanalire. Masiku asanu ndi anayi a korona m'nyumba mwake, amayi a mumsewu wonse akulira mpaka maso kutupa, ena oti Ausencio sanawapatseko ndi moni womwe, iye ankangoyang'ana makandulo n'kumaganiza zoti sera ikudonthera pansi ndipo idzavuta kupala. Sikuti ankadzilimbitsa mtima ayi. M'kati mwake munangochita dzanzi, ngati mwendo umene munthu waukhalira nthawi yaitali.

Ausencio anali mmisiri wa migolo pafakitale yomweyo. Migolo ya thundu imafika kuno itatopa kale ndi mowa wa kumpoto, ndiye iye ankaichotsa mutu, kuipala m'kati mpaka thabwa liyere, kenako n'kuyatsamo moto kuti ipse pang'ono. Kupsa kumeneko n'kumene kumapatsa tekila mtundu wake ndi fungo lake akakhalitsa mumgolo. Moto ukachepa, mowa umatuluka wopanda mawu. Ukapitirira, umawawa utsi. Wotchi analibe nayo ntchito Ausencio. Ankayeza moto ndi pemphero la Atate Athu, monga ankachitira bambo ake: kulinena kawiri, n'kukhuthulira madzi.

Musaganize kuti anali munthu wa tchalitchi. Lamulungu ankamuperekeza mkazi wake mpaka pakhomo, iye n'kukakhala pabenchi pansi pa mtengo kudikira kuti Misa ithe.

"Ine sindipemphera, adona," ankatero. "Ndimayeza moto."

Vuto linali lakuti masiku ena ankayeza mwaulesi. Zaka zitatu, zinayi zinkadutsa, iye ataiwala kale, kenako mowa wa mgolo umenewo n'kufika pamphuno pa mkazi wake.

"Awa ndi Atate Athu atatu, madala."

"Awiri."

"Atatu. Munkayang'ana atsikana a ku mabotolo."

"Awiri ndi theka," ankayankha choncho, akukanda m'khosi.

Anakangana chomwecho zaka zonsezo, pafakitale ndi patebulo pomwe, ndipo anthu ankaseka. Koma panali nkhani imodzi imene Herlinda sanaisekepo. Zaka zisanu zapitazo, pa 17 Okutobala, madokotala a ku Guadalajara anamung'amba pamimba kuchotsa chotupa, atamuuziratu kuti akhoza osadzuka. Ausencio anamuperekeza pa galimoto yake yokalamba, anaika chikwama pansi pa bedi, n'kuima pamenepo akupotokola chipewa. Atamva mawilo a kabedi kodzamutenga akubwera, anati, "Migolo ikundidikira," n'kutuluka. Anasiya mlongo wake Otilia kuti akhale naye. Herlinda anatsitsimuka madzulo, anachira, anabwerera kuntchito. Nkhaniyo sanaitchulepo, nayenso mwamunayo sanaitchulepo. Tsiku limene Ausencio anagwa pabwalo la migolo nyundo ili m'manja, inali idakali pomwepo. Pa korona yense uja, chimene chinkabwera m'mutu mwa Herlinda chinali msana wa mwamuna wake ukutuluka pakhomo la chipatala.

Lolemba m'mawa Otilia anagogoda ndi kiyi pachitseko.

"Alamu! Muli moyo m'menemo, kapena mwawatsatira achimwene?"

"Lowa, n'chosakhoma."

Otilia ankamata mapepala pamabotolo kufakitale komweko. Mawu onse amene mchimwene wake anawasunga moyo wake wonse, iye ankatha kuwamwaza tsiku limodzi. Analowa akuyankhula kale za galu wa oyandikana nawo, koma atafika kukhitchini anaima, chala chili cholozera patebulo.

"Khofi? Tsiku lolawa?"

Aliyense pafakitale ankadziwa kuti tsiku lolawa Herlinda sakhudza khofi, tsabola, sopo wonunkhira, ngakhale mankhwala otsukira mano. Anathamangitsapo dalaivala m'chipinda chifukwa cha ndudu imene anasuta dzulo lake.

"Zilibe kanthu," anatero Herlinda. "Ngakhale nditamwa palafini. Lilime lafa, Otilia. Ndi mphuno yomwe."

Otilia anakoka mpando n'kukhala. "Chiyambire liti?"

"Chiyambire maliro."

"Mayi Mariya! A Don Chencho akudziwa?"

"Ukudziwa ndiwe wekha."

"Ndiye mwasankha munthu wolakwika," anatero Otilia, koma sanaseke.

Tsikulo silinali lolawa wamba. Migolo isanu ndi umodzi inali itagona zaka zisanu m'chipinda cha pansi, mowa wokhalitsa kuposa wina uliwonse umene fakitaleyo inasungapo. A Don Chencho ankafuna kuikhuthulira mu thanki imodzi n'kuika m'mabotolo, chikumbutso cha zaka makumi asanu chiyambire fakitale. Anali atadikira kale milungu itatu chifukwa cha maliro. Ndipo mowa ukasakanizidwa wasakanizidwa. Mgolo umodzi woipa umapha inzake yonse, palibe sefa imene ingautulutsemo.

"Ingogwedezani mutu, alamu," anatero Otilia. "Nunkhizani, tsinzinani muja mumachitira muja, nenani za uchi zanu zija ndi makoko a lalanje. Akutsutseni ndani? Komanso migolo yake ndi ya achimwene."

"N'chifukwa chake ndikukayika."

"Nanga mukanena zoona? Mkamwini wa a Don Chencho wa nsapato zosongoka uja wakhala akulirira kuti mowa uzikayezedwa ndi makina a ku Guadalajara. Mawa lomweli mukhala muno, inu ndi khoma ili."

Herlinda anayang'ana khomalo. Ankadziwa kuti Otilia sakunama. Mwana wake mmodzi yekhayo anali atabwerera kale ku Chicago, ndipo ntchitoyi ndi chokhacho chimene chinatsala chomudzutsa m'mawa. Akanama, akhoza kupha mowa wa zaka zisanu ndi dzina lake lomwe. Akanena zoona, ntchito yatha. Zonsezi ankazidziwa ndi mutu, mtima sunanenepo kanthu. Anamaliza khofi wake, popeza anali atamuphika kale.

Anayenda wapansi, m'njira ya fumbi lofiira yodutsa pakati pa minda ya agave, chomera chopangira tekila. Atayandikira, Otilia anakoka mpweya n'kunena kuti, "Lero akuphika," kenako n'kudziluma mlomo. Fungo la agave akamapsa m'ng'anjo limafika mpaka kumsika, ndipo limakakamira m'tsitsi ndi m'zovala. Herlinda anaona utsi pa chumuni, basi. Pabwalo la migolo wina anali atapachika nyundo ya Ausencio pamsomali. Anaiona n'kupitirira.

A Don Chencho anawadikirira pansi pa masitepe, chipewa chili m'manja. Anali nkhalamba ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, ndipo lilime lawo analipha okha ndi fodya kalekale.

"Doña Herlinda. Mukadafuna mlungu wina, ndikadadikira."

"Mlungu wina ndi chimodzimodzi, Don Chencho."

M'chipindamo munali mozizira ndi mwakachetechete, migolo itasanjikizana mpaka kudenga. Patebulo lalitali panali madzi, pepala loyera, ndowa yolavulira, ndi matambula a kamwa laling'ono, lililonse litavundikiridwa. Nambala ya mgolo inkalembedwa kunsi kwa tambula kuti wolawa asaione. Herlinda anawerenga matambulawo ndi maso.

"Asanu ndi limodzi? Ine ndimadziwa asanu."

Chaka chilichonse ankalawa migolo imeneyi kuti aone mmene ikukulira, ndipo womutungira anali Ausencio. Nthawi zonse ankabweretsa matambula asanu. Mgolo wachisanu ndi chimodziwo, ankati, uli kuseri kwenikweni, pansi pa inzake, kuufikira n'kugwetsa chipinda chonse, komanso ndi chimodzimodzi anzakewo. Herlinda ankam'tcha waulesi n'kuzisiya.

"Antchito anasuntha zonse Loweruka," anatero a Don Chencho. "Aufikira."

Herlinda anavundukula tambula loyamba n'kulipendeketsa pamwamba pa pepala. Mtundu wake unali wabwino, wofiirira ngati uchi wakale, madontho akutsetsereka pang'onopang'ono m'mbali. Zimenezo maso ankatha. Analifikitsa pamphuno, kamwa lili lotsegula pang'ono, kuyambira m'mphepete mwa pansi, kenako pakati, kenako pamwamba. Palibe. Anapsontha pang'ono, anayendetsa m'kamwa monse, anatulutsa mpweya m'mphuno. Kunangotentha, ngati madzi ofunda a mu ketulo. Analavula mu ndowa.

"Mhm," anatero.

Ananunkhiza pamkono pake kuti atsuke mphuno, chizolowezi chabe, popeza panalibe choti atsuke. Lachiwiri. Lachitatu. Manja ankagwira ntchito yawo okha, iye akungowaonerera. Otilia, ataima kumbuyo kwa a Don Chencho, ankagwedeza mutu mwamphamvu kumuonetsa chochita, mpaka ndolo zikulira.

"Lero simukutukwana?" anafunsa a Don Chencho. "Zaka zonsezi sindinaonepo mukudutsa matambula atatu osanyoza munthu."

"Ndikumvetsera."

Lachinayi linali chimodzimodzi. Analibwezera patebulo n'kuyang'ana nkhalambayo. Bambo ameneyu anamutenga ali mtsikana wotsuka mabotolo, atamumva akunena kuti mowa wina ukununkha chigamba chonyowa, ndipo unalidi kununkha. Kumunamiza sakanatha. Sanamve chisoni kapena mantha. Anangoona kuti mawu oti anene ndi ochepa, ndipo akawanena apita kunyumba.

"Don Chencho, ndili ndi mawu."

"Alamu," anatero Otilia.

"Mawu pambuyo," anatero a Don Chencho, akukankhira tambula lachisanu kwa iye. "Mowa wavundukulidwa kale uwu, usatidikire."

Analitenga kuti angomaliza mwambo. Mtundu wake unali woderako kuposa enawo, koma sanasamale. Pamphuno panalibe kanthu. Anapsontha.

Chinayambira kumbuyo kwa lilime, kufupi ndi kukhosi, kachinthu kakang'ono kowawa. Anaima osalavula. Kuwawako kunakula, kunakwera m'mphuno, ndipo mwadzidzidzi m'kamwa monse munadzaza utsi, makala onyowa, ndi chikhokho cha mphika umene wapserera. Unali mowa woipa. Unali woipa moti ngakhale lilime lakufa silikanatha kuukana. Analavula, anatsokomola, maso ali psuu.

Choyamba kubwera unali mkwiyo, wake wakale uja, wathunthu.

"Wapsereza!" anakuwa, mpaka mawu anabwerera kuchokera m'migolo. "Mdala ameneyu wapsereza! Taonani zimene wachita ndi mowa wabwinobwino!"

"Atatu?" anafunsa a Don Chencho, popeza nthabwalayo ankaidziwa.

Herlinda anapsonthanso, anatsinzina, anawerenga ndi lilime. "Atatu ati? Asanu awa. Asanu, ndi Tikuoneni Mariya pamwamba. Sindinalawepo zoterezi. N'zamwayi kuti thabwa silinabowoke."

Anatsuka m'kamwa ndi madzi n'kubwerera ku tambula loyamba. Linalipo. Linkamveka patali, ngati wailesi ya nyumba yachitatu, koma linalipo: agave wophika, wotsekemera ngati mbatata yootcha, kenako sinamoni, kenako thundu mwakachetechete kumapeto. Lachiwiri linali louma pang'ono. Lachitatu linali ndi makoko a lalanje aja Otilia amawaseka. Lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi anali mapasa. Anawalawa onse kawiri, osathamanga.

"Asanuwa alowe," anatero. "Ili ayi. Ndi mgolo uti?"

A Don Chencho ananyamula tambulalo n'kusuzumira kunsi kwake. "Wa kuseri uja."

"Ndiuone."

Antchito anali ataugubuduzira pakati pa njira, uli mbuu ndi fumbi ndi maukonde a akangaude. Ausencio ankalemba ndi msomali tsiku lowotcha pamutu pa mgolo uliwonse, manambala ake opendekeka ngati akukwera phiri. Herlinda anapukuta fumbi ndi mkono wa juzi. Panalembedwa 17, kamzere, 10, ndi chaka chake.

Otilia anawerenga mokweza, kenako anagwira pakamwa. "Alamu. Si tsiku lija?"



"Anafika masana tsiku limenelo," anatero a Don Chencho pang'onopang'ono. "Ndikukumbuka. Ndinati, Ausencio, ukufuna chiyani kuno, mkazi wako ali pampeni? Anangogubuduza mgolo umodzi kupita nawo kuseri kwa khoma, yekhayekha. Ndinati mumtima, koma munthu uyu ndi wouma."

"Nanenso ndinkatero," anatero Otilia. "Ndinam'kalipira pafoni. Anangofunsa kuti wadzuka? Nditati eya, anadula."

Herlinda anaika dzanja pamanambalawo. Awiri kunali kuyeza moto. Atatu unali ulesi, kapena atsikana a ku mabotolo. Koma munthu amene wakhala zaka makumi anayi pamoto safika pa asanu chifukwa choiwala. M'maganizo anamuona ali chiimire kuseri kwa khoma, ndowa ya madzi ili m'manja, malawi akutuluka pakamwa pa mgolo, thabwa likuthetheka, iye akumaliza pemphero n'kuyambanso, kumaliza n'kuyambanso, osatha kuleka. Munthu wa pabenchi uja. Kenako anauthira mowa ngati palibe chachitika, n'kuukankhira kuseri kwenikweni, ndipo kwa zaka zisanu anaubisa kwa munthu mmodzi yekhayo amene akanatha kuwerenga. Analolera kutchedwa waulesi chaka ndi chaka. Herlinda anamva kuwawa pachifuwa, kwenikweni, koyamba chichitikireni maliro, ndipo kunali kwakukulu moti anakhala pansi pa mgolo wina.

A Don Chencho anatsokomola pang'ono. "Tiuthire momwemo, Doña Herlinda. Isanu ibisa umodzi. Ndi wa Ausencio uwu, ulowe nawo m'mabotolo."

"Ayi."

"Ngakhale theka lokha."

"Wapserera, Don Chencho. Mukauthira mwapha zaka zisanu za inzakeyo. Sulowa."

Nkhalambayo inagwedeza mutu. "Nanga mawu anu aja?"

"Ndaiwala," anatero Herlinda. "Otilia, tenga tambula langa. Nditungire."

Otilia anazula chotsekera, anamiza kampope kotungira, n'kudzaza tambulalo mpaka pakati, misozi ikugwera pamalaya. Mwa chizolowezi anabweretsanso ndowa yolavulira n'kuiika pafupi ndi mapazi a mlamu wake. Herlinda anaikankhira kumbali ndi phazi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anali asanamezepo dontho m'chipinda chimenechi. Anamwa, anasunga mowawo m'kamwa mpaka utsi wonse utamveka, n'kumeza.

"Asanu, madala," anauza mgolowo. "Musakane."

Anadikira. Ankadziwa bwinobwino yankho lake, ndi mmene mwini wake akanakandira m'khosi polinena. M'chipindamo munangomveka madontho akugwa kuchokera ku kampope kaja. Anadikirabe pang'ono, kenako nkhope yake inakwinyika, ndipo a Don Chencho anavala chipewa n'kukwera masitepe mwakachetechete.

Mowawo unali wowawa kwambiri. Atatha kulira, anatambasula dzanja kuti Otilia amuthirirenso.